Millet, Mmisiri wa Zithunzi

Ku dziko la France kunali munthu dzina lace Jean-François Millet, wobadwa m'caka ca 1814 m'mudzi waung'ono wa Gruchy, pafupi ndi nyanja. Atate wace anali mlimi, ndipo mnyamatayo anakula ndi khasu m'manja. Koma popuma anakonda kulemba zithunzi ndi makala, kufikira akuru anaona luso lace, namtumiza akaphunzire nchitoyi, poyamba ku Cherbourg, pambuyo pace ku Paris.

Mzinda waukuruwo sunamkomere. M'caka ca 1849 anasamuka ndi banja lace kunka ku Barbizon, mudzi wa alimi m'mphepete mwa nkhalango ya Fontainebleau. Kumeneko anayendayenda m'minda, napenyetsetsa anansi ace: umo wofesa atambasulira mkono, umo msana upindikira posenza nkhuni. Atabwera kunyumba anajambula zimene anaziona, ndi utoto pansaru.

Cithunzi cace cina, ca m'caka ca 1857, cisonyeza akazi atatu aumphawi, owerama, alikukunkha ngala za tirigu zotsala, monga anacitira Rute m'munda wa Boazi. Patali pali miyulu yaikuru ya zokolola za mwini munda, ndi kapitao wokwera pa kavalo. Anthu acuma a ku Paris anaipidwa naco, pakuti sanazolowere kuona osauka atajambulidwa ndi ulemu wotere; ena anaopa kuti cidzautsa mitima ya amphawi. Millet anacigulitsa pa mtengo wocepa, pokhala ndi ana ambiri ofuna cakudya; koma sanaleke kujambula alimi kufikira imfa yace m'caka ca 1875.