Phunziro: Madzi Akumwa Akaipitsidwa pa Doko

Asodzi anzathu, nonse mukudziwa mmene pa doko pamakhalira usipa ukagwa. Anthu amachuluka: alovi, ogula nsomba, amayi oyanika pa thandala, ogulitsa mandasi ndi tiyi. Koma chitsime chimakhala chimodzi chomwecho, ndipo zimbudzi sizionjezereka. Apa ndi pamene matenda otsekula m'mimba amayambira. Phunziro lino likufotokoza zimene komiti ya BVC ingachite ikaganizira kuti madzi akumwa a pa doko alowa tizirombo toyambitsa matenda.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ikukhudza asodzi?

Mu Malichi 2022 kolera anabuka m'boma la Machinga, kenaka anafalikira dziko lonse. Pofika mu 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Ku nyanja ya Chilwa, kolera anabukanso kumapeto kwa 2015, ndipo ambiri mwa odwala anali asodzi okhala m'zimbowera, amene amamwa madzi a m'nyanja momwe amadzithandiziramo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

Mlovi akadwala, bwato limagona kumtunda. Doko likamveka kuti kuli kolera, ogula nsomba amathawa. Choncho kuteteza madzi ndi ntchito ya komiti monga momwe ilili ntchito yoletsa maukonde a maso ang'onoang'ono.

Tizirombo timalowa bwanji m'madzi?

Tizirombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi timachokera m'chimbudzi cha munthu. Sitioneka ndi maso. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, osanunkha, koma ali ndi matenda. Njira zimene timadzera ndi izi:

1. Kudzithandiza pa mchenga, m'bango kapena m'nyanja. Mvula ikagwa zonse zimakokolokera kumene timatunga.
2. Chimbudzi choyandikana ndi chitsime. Dothi la mchenga silisefa bwino, ndipo madzi a pansi ku nyanja ali pafupi.
3. Simenti yong'aluka pa mjigo, ndi zithaphwi zozungulira pamene ziweto zimamwa.
4. Chingwe ndi ndowa yotungira zimene zimasiyidwa pansi.
5. Manja ndi chikho cholowetsa mu mtsuko. Madzi abwino a pa mjigo amatha kuipa atafika kale m'nyumba.

Zochita tsiku loyamba

Anthu angapo omwa pa chitsime chimodzi akayamba kutsekula m'mimba, kapena chitsime chikamira ndi madzi osefukira, musadikire msonkhano wa mwezi wa mawa.

1. Uzani mlangizi wa zaumoyo, amfumu ndi mlangizi wa zausodzi tsiku lomwelo.
2. Lengezani pa doko ponse, osaiwala asodzi obwera ndi amene akutuluka usiku ku chilimira, kuti madziwo asamwedwe osathira mankhwala kapena kuwiritsa.
3. Ngati pafupi pali mjigo wabwino, tsekani chitsime chokayikitsacho. Ngati palibe, musatseke, chifukwa anthu adzathamangira madzi a m'mphepete mwa nyanja amene ndi oipa koposa. M'malo mwake ikani munthu pa chitsimepo woti azithira klorini mu ndowa iliyonse.
4. Wodwala ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo azimwabe pa ulendo wa ku chipatala. Kolera akhoza kupha munthu wamkulu pa maola ochepa chabe chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi.

Kuteteza madzi pa khomo ndi m'bwato

Madzi akakhala a matope, yambani mwawasefa ndi nsalu yoyera kapena kuwasiya adikhe, chifukwa matope amafooketsa mankhwala. Thirani WaterGuard monga zalembedwera pa botolo, kapena klorini wosungunula kale amene alangizi a zaumoyo amagawa, pa muyeso umene iwo akuuzani. Takasani, vindikirani ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Kafungo ka klorini si koopsa. Kakusonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu.

Sungani madzi m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena mu ndowa ya mpopi. Ngati ndi mtsuko, pakhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera. Mwini bwato aonetsetse kuti alovi anyamula chigubu cha madzi othira mankhwala pa ulendo uliwonse.

Kukonza gwero la vuto

Komiti ya BVC pamodzi ndi komiti ya mjigo ayendere malowo ndi mlangizi wa zaumoyo. Pimani mtunda wochokera pa chitsime kufika pa chimbudzi: usachepere mamita 30, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime. Matani ming'alu ndi simenti, kumbani ngalande yochotsa madzi otayika, mangani mpanda woletsa ziweto, ndipo ikani chivindikiro. Pakhale ndowa imodzi yotungira, yopachikidwa m'mwamba.

Zikatha izi, a zaumoyo kapena a ofesi ya zamadzi ku boma amatsuka chitsime ndi klorini wamphamvu. Madzi amenewo samwedwa mpaka atapopedwa kutayidwa. Pemphani kuti madzi akapimidwe. Opima amafufuza kachirombo kotchedwa E. coli, kamene kamasonyeza kuti chimbudzi chalowa m'madzi. M'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi.

Dziwani kuti klorini wothira m'chitsime sakhalitsa. Ngati chimbudzi choyandikira chija sichinasunthidwe, tizirombo tidzabwereranso. N'chifukwa chake mabanja apitirize kuthira mankhwala pa khomo, makamaka nyengo ya dzinja.

Malamulo a pa doko

Zimbudzi za mu mchenga zimagumuka msanga, choncho dzenje limangidwe ndi njerwa kapena muikidwe migolo. Pa chimbudzi chilichonse pakhale mpondagiya ndi sopo. Komiti igwirizane ndi amfumu kuti asodzi obwera asamange misasa asanakumbe chimbudzi, ndi kuti gawo la ndalama za pa doko lizisungidwa pogulira mankhwala ndi simenti. Katemera wa kolera akabwera, limbikitsani alovi kulandira, koma akumbutseni kuti katemera salowa m'malo mwa madzi aukhondo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa komiti

1. Kodi anthu a pa doko lathu amatunga kuti madzi akumwa, m'chilimwe ndi m'dzinja?
2. Tili ndi zimbudzi zingati, ndipo nyengo ya usipa pamakhala anthu angati?
3. Ndani mwa ife amene adzathamangire kwa mlangizi wa zaumoyo munthu akadwala usiku?
4. Ndi mabwato angati amene anyamula madzi othira mankhwala sabata ino?

Lembani mayankho anu m'buku la komiti ndipo mukaonetse mlangizi wa zausodzi akadzakuyenderani.