Mau Acilendo m'Buku

Awerengi ambiri kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, akakomana ndi liu lacilendo m'buku, amangolilumpha monga munthu alumpha citsa m'njira. Motero ena aimirira pamaso pa mpingo, nawerenga mokweza cinthu cimene iwo eni sacimva.

Kusadziwa liu sikucititsa manyazi. Buku Lopatulika linaturuka lathunthu m'caka ca 1922, ndipo omasulira ace anagwira nchitoyo ku Nyasaland. Cifukwa cace muli mau ena amene ana athu sawamva pamudzi.

Taonani liu lakuti "dipo" pa Marko 10:45. Poyamba werenganinso ndime yonse, pakuti mau oyandikana nalo amaliunikira. Mukatero, kafunseni okalamba. Iwo adzakuuzani kuti kale munthu akagwidwa ukapolo, kapena akapalamula mlandu waukuru, abale ace ankasonkha mbuzi kapena nsaru kuti amuombole. Cuma cimeneco ndico dipo. Wakumva ici sadzaiwerenganso ndimeyo mothamanga. Koma fulumirani kufunsa, popeza nkhalamba zodziwa mau otere zirikutha.

Mau ena, monga "Paskha" ndi "sunagoge", si a makolo athu ai. Acokera ku Cihebri ndi ku Cigriki. Pamenepo agogo sangakuthandizeni. Pitani kwa abusa kapena aphunzitsi.

Khalani ndi kabuku kanu. Lembanimo liulo, tanthauzo lace, ndi tsamba pamene munalipeza. Ndipo sabata isanathe mulichule pokamba ndi anzanu kumunda kapena kucitsime.