Cingwe ca Mmisiri ndi Bondo la Citsulo

Popita kusukulu muno m'Kanini, taimani pang'ono pamene amisiri alikumanga nyumba. Mudzaona kuti mmisiri sakhulupirira maso ace okha. Amamangirira kacitsulo ku cingwe, nacilendeweretsa pambali pa khoma, kuti aone ngati njerwa zaongoka.

Mwendo wa munthu nawonso uli ndi mzere wace. Mzerewo uyambira pa mfundo ya m'ciuno, nupyola pakati pa bondo, nufika pa kakolo. Kulemera konse kwa thupi kumatsata mzere umenewu.

Bondo la nkhalamba likatha ndi nyamakazi, dotolo angathe kuceka nsonga za mafupa ndi kuikapo bondo la citsulo ndi pulasitiki. Nchito imeneyi njofuna kusamala kwambiri. Fupa likacekedwa mopendeka, kulemera kumagwera mbali imodzi, ndipo bondo latsopanolo lingathe msanga, monga ithera nsapato ya munthu woponda cammbali. Cifukwa cace madotolo amayesetsa kuti asaphonye mzere kuposa madigiri 3. Tayang'anani pa cipangizo canu coyezera makona, muone kucepa kwace!

M'caka ca 1997 madotolo a ku Grenoble, m'dziko la France, anaika bondo lotere mothandizidwa ndi kompyuta. Masiku ano amacita motere. Wodwala atagonekedwa tulo, dotolo amakhomera timisomali pa fupa la nchafu ndi pa fupa la msongolo, ndipo pa timisomalito amaikapo timipira tonyezimira. Kamera imaona timipirato ndi kuwala kumene maso athu sakuona, niuza kompyuta pamene pali fupa lililonse. Tsono dotolo amazunguza mwendo pang'onopang'ono, ndipo kompyuta imawerenga nipeza pakati penipeni pa mfundo ya m'ciuno, imene yabisika mkati mwa mnofu. Pamenepo mzere uja umaoneka pa galasi pamodzi ndi manambala, ndipo dotolo amadziwa ngati coceka cace calunjika asanakhudze fupa.

Musaganize kuti kompyuta iyi ndiyo imaceka. Iyo ingoloza, dzanja nla dotolo. Makinawa ngokwera mtengo, ndiponso amacedwetsa nchito pang'ono, motero madotolo ambiri pa dziko lapansi amaikabe mawondo abwino ndi zitsulo zoyezera pamanja.

Zocita: Mnzanu aime ciriri. Gwirani cingwe kutsogolo kwa mfundo ya m'ciuno mwace, mucikoke kufikira pakati pa kakolo. Kodi capyola pati pa bondo? Jambulani zimene mwaona m'kope lanu.