Chifukwa Chake Malungo Amatibwerera

Kwathu ku Songani, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mwana amatha kudwala malungo kangapo dzinja limodzi. Kodi thupi limaiwala mdani? Ayi anzanga, mdaniyo ndiye amasintha malaya.

Kachirombo ka Plasmodium falciparum kali ndi majini otchedwa var pafupifupi 60, ndipo iliyonse imaveka selo lofiira la magazi malaya akeake. Komatu kamatsegula imodzi yokha pa nthawi. DNA yake njokulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone, ngati ulusi pa chitsononkho. Puloteni ya PfSir2 imafufuta zizindikiro zina pa histone, HP1 n'kumanga malowo zolimba kuti majini otsalawo asawerengeke. Pamene chitetezo cha thupi chikuzindikira malaya oyamba, tizirombo tina tatsegula kale jini ina.

Imene imandidetsa nkhawa ine ndi var2csa. Iyo imamatiza maselowa pa nsengwa ya mayi woyembekezera, mwana n'kubadwa wosalemera mokwanira.