ZIMENE NG'OMBE YATHU INANDIPHUNZITSA ZA MATENDA A M'CHIBEREKERO

Anzanga ophunzira, kwathu tili ndi ng'ombe imodzi ya mkaka imene tinaitcha Nyemba. Mkaka wakewo ndi umene umandigulira makope, sopo ndi yunifolomu. Mwezi wa February, nthawi ya mvula, Nyemba inaswa usiku m'khola mutadzaza matope. Kamwana kanali bwinobwino, koma nsengwa, chinthu chija chimatuluka pambuyo pa mwana, sinatuluke yonse. Inangolendewera kumbuyoku mpaka tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu ng'ombe inasiya kudya, mkaka unachepa, ndipo kumbuyo kwake kunkatuluka zamadzimadzi zofiirira zonunkha koopsa, moti ntchentche zinali mbwee.

Amalume anati timangirireko mwala kuti ikokeke. Abambo anakana, nandituma panjinga kukaitana alangizi a ziweto. Atafika anaiyeza, n'kupeza kuti thupi latentha kufika madigiri 40. Iwo anati ng'ombe yabwinobwino imakhala pa 38.5 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ikadutsa 39.5 ndiye kuti yadwala. Anatiuza kuti chiberekero chatupa chifukwa cha tizilombo, matenda amene pa Chingerezi amati metritis. Ine ndinafunsa mafunso ambiri mpaka anandiseka, amvekere, "Iwe ukufuna undilande ntchito eti?" Zina ndinakafunsa aphunzitsi athu a Biology. Ndiye ndati ndikugawireniko.

Tizilombo timalowa bwanji?

Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi pafupifupi 9, chimodzimodzi munthu. Nthawi yonseyi khomo la chiberekero limakhala lotseka, kotero tizilombo sitilowa wamba. Pobereka khomolo limatseguka kwambiri, ndipo malo amene panamatirira nsengwa amatsala ngati chilonda. Mabakiteriya a m'ndowe, monga E. coli, amapezerapo mpata. Ng'ombe zambiri zimalowedwa tizilombo zikangoswa, koma si zonse zimene zimadwala, chifukwa thupi lili ndi chitetezo chake.

Asilikali a m'thupi

Maselo a m'kati mwa chiberekero amatha kuzindikira kuti kwabwera mlendo woipa. Akatero amatulutsa timadzi tauthenga totchedwa cytokines, ngati mmene munthu amakuwira akaona mbava kumunda. Mitsempha ya magazi ya pamalopo imakula, magazi amabwera ambiri, ndipo maselo oyera a magazi, aja timati asilikali a m'thupi, amatuluka m'mitsempha kupita pamene pali nkhondo. Oyamba kufika ndi ma neutrophil, amene amameza mabakiteriya n'kuwapha. Pambuyo pake amabwera ma macrophage, amene amameza zotsalira n'kuyeretsa pamalopo kuti papole.

Ntchito yonseyi ndi imene pa Biology amaitcha inflammation. Zizindikiro zake ndi zisanu: kufiira, kutentha, kutupa, kuwawa, ndi kulephera kugwira ntchito bwino kwa chiwalocho. Amene munalasidwapo minga pa phazi mukuzidziwa zimenezi. Mafinya amene timanyansidwa nawo aja ndi asilikali amene afera ku nkhondo, osakanikirana ndi mabakiteriya komanso maselo owonongeka. Kutentha thupi nakonso si ntchito ya tizilombo tokha ayi. Ndi thupi lenilenilo limene limakweza kutentha kwake, uthenga uja ukafika ku ubongo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti asilikali omwewa amathandizanso kuti nsengwa ya ng'ombe imatuke. Nsengwayo imagwirana ndi chiberekero m'malo ambirimbiri ngati mabatani a malaya. Ng'ombe imene asilikali ake ndi ofooka, mabataniwa amachedwa kumasuka. Ikatha maola 24 isanatuluke, ndiye kuti yatsalira. Chitetezo chimatsika nthawi yobereka, makamaka ngati ng'ombe sikudya mokwanira pamene thupi layamba kupanga mkaka wambiri. N'chifukwa chake alangizi anawauza abambo kuti ng'ombe ya bere isamangodalira udzu wouma, izipatsidwanso madeya, nsenjere ndi mchere wa ziweto.

Nkhondo ikapitirira

Kutupaku n'kothandiza kukakhala kwa masiku ochepa. Kukatenga nthawi kumawononga chiberekero chomwecho, monga mmene moto wotentha tchire umalowera m'munda. Ng'ombe ina imaoneka ngati yachira, ikudya bwino, koma patapita masabata atatu ikutulutsabe mafinya oyera. Apo amati endometritis. Ng'ombe yotere imachedwa kufuna nkhunzi, kapena imakweredwa kangapo osatenga bere. Popanda bere palibe mwana, ndipo popanda mwana mkaka umatha. Agalu aakazi nawonso amadwala matenda otchedwa pyometra, pamene chiberekero chimadzaza mafinya, ndipo galu amatha kufa.

Nanga kwa anthu?

Apa ena mwayamba kale kuseka, koma tonsefe tinachokera m'chiberekero. Mayi akangochira, naye amakhala ndi chilonda m'kati monga ndafotokozera. Tizilombo tikalowa, thupi limatentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, m'mimba munsimu mumawawa, amatuluka zonunkha, ndipo amamva kuzizidwa. Tizilombo tikafika m'magazi, chitetezo chimamenya nkhondo thupi lonse nthawi imodzi, mpaka impso ndi ziwalo zina zimafooka. Amenewa ndi matenda a sepsis, ndipo amapha msanga. Kumudzi timathamangira kunena kuti ndi malungo, n'kumupatsa panado. Mayi amene ali m'chikuta akaonetsa zizindikirozi, ngakhale patapita masabata 6, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kale anthu sankadziwa gwero lake. Ku Vienna, dokotala wina wa ku Hungary dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ambiri ankafa m'wodi imene munkagwira ntchito madokotala ochokera kong'amba mitembo. Mu 1847 analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Mwezi wa April chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse anamwalira m'wodimo, koma patangopita miyezi yochepa chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 2 pa 100. Chonsecho madokotala anzake ambiri sanamukhulupirire.

Palinso njira ina imene ikutikhudza ife achinyamata. Matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono ndi chlamydia, amatha kukwera kuchoka pa khomo la chiberekero mpaka ku machubu odutsamo mazira. Nthawi zambiri mtsikana samva kalikonse poyamba. Asilikali akamamenyana ndi tizilomboto amasiya zipsera, ndipo zipserazo zimatseka machubu. Mawa lino munthu akalowa m'banja, mimba osabwera, kapena kukhala m'chubu m'malo mwa m'chiberekero, zimene ndi zoopsa kwambiri. Anthu amayamba kuloza zala agogo kuti alodza, mayiyo n'kumunena kuti ndi chumba, pamene amene anabweretsa matendawo mwina ndi mwamuna. Ndiye anyamata musati nkhaniyi ndi ya atsikana okha. Matendawa mankhwala ake alipo kuchipatala, ndipo onse awiri ayenera kulandira. Kuchotsa mimba pogwiritsa ntchito timitengo kapena zitsamba kumalowetsanso tizilombo mwachindunji m'chiberekero.

Zoyenera kukumbukira

Ng'ombe iziswera pamalo ouma, oyala udzu woyera. Nsengwa ikatsalira musaikoke kapena kumangirira mwala, chifukwa mumang'amba m'kati ndi kutsegulira tizilombo njira. Musaigwirenso ndi manja opanda magolovesi kapena jumbo, chifukwa pali matenda a brucellosis amene amachotsa mabere a ng'ombe ndipo amagwiranso anthu, kudzera m'nsengwa ndi mumkaka wosawiritsa. Ikwirireni mozama agalu asaifukule. Ng'ombe ikabayidwa jakisoni wopha mabakiteriya, mkaka wake sitimwa kapena kugulitsa mpaka atakwana masiku amene alangizi anena.

Ife tinataya mkaka kwa masiku angapo, ndipo amayi ankachita kutembenuka kuti asaone ukukhuthulidwa. Sabata imeneyo ndinabwera kusukulu ndi kope limodzi la maphunziro atatu. Koma Nyemba inachira, nsengwa inatuluka yokha, ndipo mwezi wathawu alangizi atabwera kudzaiona anati yatenganso bere. Amalume mpaka lero amati mwala ukanagwira ntchito msanga, koma khola lawo analithira udzu wouma.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2