Wafatsa, Koma Kodi Wachira?

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo a ku Domue. Akufunsa ngati matenda a khunyu amapatsirana ukakhudza thovu la wodwala. Ayi bambo, sapatsirana. Wodwala akagwa, mchotseni pafupi ndi moto, mumgoneke cham'mbali, ndipo supuni m'kamwa ayi.

Mayi a ku Tsangano akuti mapiritsi akuwagonetsa amuna awo masana onse. Musawasiyitse nokha, mayi. Bwererani kwa amene anawalembera, ndiye angasinthe mlingo.

Koma iyi ya mayi a konkuno ku Ulongwe, tiyeni tikhalepo pang'ono. Akuti mwana wawo, yemwe ankalongolola ndi kuthawathawa usiku, chiyambire mankhwala wafatsa. Amangokhala pakhonde, nsima kutsina kawiri basi. Ndiye akufunsa ngati asiye kupita naye kuchipatala poti wachira.

Mayi anga, musasiye. Abale inu, izi ndimanena sabata ndi sabata, koma makalata akubwerabe omwewa. Wodwala akaleka kusokosa, pakhomo mumati mwapuma. Komatu mutu ukayamba kubwerera m'malo, m'pamene munthu amaona zomwe zamuonekera: banja latha, munda wa mbatatesi wagonera, ana akumuitana wamisala. Matenda a kukhumudwa amalowera pamenepa, ndipo sikuti nthawi zonse amabwera ndi misozi. Wina amangodandaula mutu, mtima kuthamanga, thupi kuphwanya. Amadzuka tambala asanalire, tulo osabweranso. Odwala khunyu nawonso zimawagwera kawirikawiri. Mzere ukatalika kuchipatala, wodwala wachete amangolandira mapiritsi ake n'kumapita, ngati inu simuyankhula.

Ndikukumbuka mnyamata wina amene abale ake ankamuyamikira kuti wasanduka nkhosa. Nditamufunsa tili awiriwiri, anaulula kuti wabisa botolo la mankhwala opopera mbewu kuseri kwa nkhokwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamufunsapo.

Zizindikiro za kukhumudwa zikapitirira masabata 2, khalani ndi wodwalayo pansi mumufunse mosabisa: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Funsoli silimupatsa maganizo amenewo, ambiri limawamasula. Tameki ndi mankhwala a m'munda tsekerani kutali, ndipo kachasu asamamwe.

Mankhwala a matenda a kukhumudwa alipo, monga amitriptyline ndi fluoxetine, koma amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndipo si ogula pamsika. Mayi, mawa m'mawa mupite naye ku chipatala cha Ulongwe, mukafunse wa matenda a maganizo, mukamuuze zonse zomwe mwandilemberazi.