Azakhali: Mkwatibwi Wada pa Chithunzi, Wolakwa Ndani?

Azakhali,

Ndine mnyamata wojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe. Ndikamazikonza pa laputopu zimaoneka zokongola zedi, koma ndikakatsukitsa zimatuluka zamdima, diresi loyera la mkwatibwi litasanduka lachikasu. Sabata yatha mayi a mkwatibwi anakana kumaliza malipiro, ati ndawadetsera mwana. Kodi a ku situdiyo akundichita chipongwe, kapena wina wandilodzera kamera?

Wothedwa Nzeru, Zomba

Mwanawe,

Asing'anga asiye apume, ndipo a ku situdiyo usawasemere chinyau. Wakupalamulira mlanduyu ali pathebulo pako pomwepo: sikirini ya laputopuyo.

Masikirini ambiri amachoka kufakitale owala mopitirira muyezo kuti akope ogula. Iwe ukaona chithunzi chili mbee, umachepetsa kuwala. Koma pepala lilibe getsi kumbuyo kwake, ndiye limakubwezera mdima. Sikirini ikapendekera ku buluu, umawonjezera chikasu kuti diresi lioneke bwino, osadziwa kuti ukulithimbiritsa ndi manja ako. Ukugulitsa nyemba pa sikelo yakufa, kenako n'kumadabwa kuti ogula akulalata.

Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa colorimeter, monga Spyder ya Datacolor kapena tija ta Calibrite. Umakapachika pa sikirini, pulogalamu yake n'kumaonetsa mitundu umodziumodzi, iko n'kumayeza. Pomaliza kompyuta imasunga ICC profile yowongola zokhotazo. Yamba wayatsa sikirini kwa mphindi 30 kuti itenthe. Pulogalamu ikakufunsa, usakande m'mutu: kuyera ukuike pa D65, ndiye kuti 6500K, gamma pa 2.2, kuwala pakati pa 80 ndi 120 cd/m². Uzibwereza mwezi ndi mwezi, pakuti sikirini nayo imakalamba, ingakhale siivomera.

Ukuti n'kodula? Ndikudziwa thumba lako, mwana wa achimwene. Sonkhanani ndi anzako ojambula mugule kamodzi, muzibwerekana. Windows ili ndi njira yake yaulere yokonzera mitundu, koma imadalira maso ako, ndipo maso amene akuona ufiti mu kamera ine sindingawakhulupirire.

Zina n'zosafuna tambala. Zimitsa Night light pa Windows, kapena Night Shift ndi True Tone ngati uli pa Mac, chifukwa zimasintha mitundu iwe osadziwa. Leka kukonzera zithunzi pakhonde dzuwa likuswa mtengo. Lowa m'nyumba, tseka makatani, kuwala kwa m'chipinda kuzikhala chimodzimodzi tsiku lililonse. Magetsi akazima samala, malaputopu ambiri amachepetsa okha kuwala akakhala pa batire.

Potumiza ku situdiyo, sunga zithunzi mu sRGB, muyezo umene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, pokhapokha eni makinawo atakuuza wina. Utengere pa fulashi, osati kuponya pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, poti imazifinya. Tsukitsa chimodzi kaye, uchione pafupi ndi zenera masana, usanatsukitse mulu wonse.

Ukatero tenga zithunzi zatsopano, upite kwa mayi aja modzichepetsa, ukapepese. Ndalama yako ituluka. Nanga iwe, maukwati a eni ake wajambula okwanira. Wako tivina liti? Chitenje ndinagula kale, chikungotha ndi njenjete m'sutikesi.

Ndine Azakhali ako